Nyambo ya pa Muloza

"Ikani pansi kalatayo, amake Sungani. Mukuigwira ngati mumadziwa kuwerenga."

"Kuwerenga sindidziwa, koma zimene ikunena ndazimva. Mwana wandiwerengera kawiri."

"Akuwerengereni kachitatu. Mwina pena pake yatchula munthu amene azikagwira thangata m'malo mwake."

A Wyson anali pakhonde, mwendo wodwala atausanjika pachipika. Chilonda cha pamsongolo chinali chitatha miyezi isanu ndi iwiri chikukana mankhwala, a kumishoni ndi a kutchire omwe. Akazi awo, a Dainess, anaima pakhomo atafumbata pepala lija pachifuwa. Mwana amene ankamukanganirayo anali pomwepo, akusenda chinangwa pansi pa mpapaya, koma maso ake anali kuphiri, kumene nkhungu inkatsetsereka pang'onopang'ono ngati nsalu imene mwini wake anayanika n'kuiiwala.

Sungani anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kalatayo anabwera nayo dzulo lake aphunzitsi a Danieli, a pasukulu ya pamudzi. Inkanena kuti sukulu yaikulu ya mishoni ku Kabula yamupatsa malo pakati pa anyamata ophunzira zamalonda, ndipo afike lisanadutse Lamulungu lachitatu kuchokera tsikulo.

"Malo ano si athu," anatero a Wyson. "Dothi ndi la mzungu. Udzu uli padengawu unamera padothi la mzungu. Nyumba iliyonse imapereka mwamuna kumunda wa tiyi, ndipo mwamuna wa nyumba ino ndi uyu, poti ine ndasanduka chitsa. Akachoka, kapitawo uja, a Pilato, sadzafunsa kuti wapita kukaphunzira chiyani."

"Ndizipita ndine ku tiyiko."

"Inu? Nanga munda wathu alime ndani? Madzi anditungire ndani? Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Tiyeni tidye nthanga zathuzo mwaulemu."

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, abambo ake a Sungani."

"Ng'ona ili ndi mtsinje. Ife tili ndi chiyani?" A Wyson anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tandiuza. Kugulitsa amachita kuphunzira? Ine ndili ndi nkhuku, wina akufuna nkhuku, tamvana, watenga. Zaka zitatu pabenchi kuti akuphunzitse zimenezo?"

Sungani anaika mpeni pansi. "Ababa, tiyi amene timathyola uja inu munamumwapo?"

"Masamba owawa aja? Ndimwerenji?"

"Komatu amalowa m'mabokosi, mabokosiwo amakwera ngolo mpaka kunjanji ya ku Luchenza, njanji n'kukawatula kusitima ya pamadzi. Kutsidya kwa nyanja yamchere kuli mayi wina amene phiri ili sanalionepo, koma akadzuka m'mawa amafuna masamba a kuno. Anamuuza ndani kuti aziwafuna? Alipo munthu amene anakhala pansi n'kuganiza mawu oti alembe pabokosi, dzina loti awatche masambawo, ndi nyengo yoti amuonetse mayiyo. Aphunzitsi akuti n'zimene amaphunzitsa kumeneko: kudziwa chimene munthu akulakalaka iye asanachitchule, ndi kumufikira nacho ali kutali. Ine ndikufuna tsiku lina pano pachoke bokosi la nandolo wa amama, dzina lawo lili pamwamba."

A Dainess anaseka mwamanyazi, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. A Wyson anapirikitsa ntchentche pachilonda.

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo," anatero. "Maliza kusenda."

Loweruka masana, akaweruka ku tiyi, Sungani ankatsikira kumsewu ndi dengu la zinanazi ndi nthochi za amake. Ogulitsa ena analipo, amayi anayi kapena asanu, onse atakhala pamthunzi wa mkuyu kudikira mwayi. Iye sankakhala pansi. Ankayamba waponya fumbi m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, n'kukaima poti izidutsa pa iye isanafike kwa amtengatenga amene ankatsika ku Chambe atasenza matabwa a mkungudza. Akawaona patali ankadula chinanazi chimodzi pakati, ndipo fungo linkawapeza anthu aja dengu asanalione. Akafika sankathamangira kutchula mtengo. Ankayamba wawafunsa kwawo, chifukwa anali ataona kuti munthu wotopa amagula chimene chamukumbutsa kumudzi. Wa ku Thyolo ankapezeka akufotokoza za nthochi za kuseri kwa nyumba ya amake, ndipo pomaliza nkhani phava linali lili kale m'manja mwake.

Loweruka la mlungu umenewo dengu litatha, Sungani anatsalira pamsewu akuyang'ana matabwa akunka nazimirira m'fumbi. Ku Kabula anali asanapondeko. Anakumanga yekha m'mutu ndi zidutswa za nkhani za amtengatenga: nyumba za njerwa zoyang'anizana, masitolo a Amwenye onunkhira sopo ndi nsalu zatsopano, belu lolira popanda womuona akuliimba. Anadziona ali pabenchi pafupi ndi windo, malaya oyera, chala chodetsedwa ndi inki. Anadziona akulemba zilembo zikuluzikulu ndi utoto wofiira pathabwa losalala, ndipo thabwalo linayandama pamadzi ambiri mpaka linakafika m'manja mwa mayi uja wakutsidya, amene anayesa kutchula dzina la Dainess lilime n'kumukana.

"Wagona chiimire?"

Anali a Pilato, kapitawo wa munda wa tiyi, atavala jekete yakale ya mzungu, ndodo yansungwi ili m'khwapa.

"Ndamva kuti m'mudzi muno mwamera kalaliki."

"Ndi kalata chabe, a kapitawo."

"Kalata ilibe miyendo, imabwereka ya mwini wake. Tamvera, mphwanga. Ine sukulu sindidana nayo. Koma nyumba imene ilibe mwamuna pamzere wa m'mawa imasasulidwa. Lamulo limeneli sindinalibereke ndine."

"Mundilole ndikalankhule ndi bwana."

"Ukamuuze chiyani?"

"Ndikamuonetse kuti akandilola kupita, wopindula ndi iyeyo."

A Pilato anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene waona nsalu yofanana ndi imene anataya kalekale.

"Chodabwitsa n'chakuti nayenso wakhala akukufunsa," anatero. "Lolemba m'mawa."

Mzungu wa mundawo antchito ankamutcha Chipewa, poti panalibe amene anaonapo mutu wake uli pamtunda. Lolemba lija analandira Sungani ndi a Pilato pakhonde lalitali la nyumba yake, iye pampando, iwo chiimire pansi pa masitepe. Sungani anali atakonza mawu ake masiku awiri, ndipo mawuwo anatuluka bwino kuposa mmene ankayembekezera.

"Bwana, tiyi wanu yense amapita kutsidya kwa nyanja. Koma pamsewu pompano pamadutsa anthu ambirimbiri, otopa, ozizidwa ndi chiperoni. Palibe amene anawauzapo kuti masamba amenewa amatenthetsa m'mimba. Mundilole zaka zitatu ndikaphunzire, ndipo ndikabwera, tiyi amene mumataya chifukwa chosayenera bokosi adzamwedwa kuyambira pa Muloza mpaka pa Chonde."

Chipewa anaseka, n'kuyankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka koma chomveka.

"Mwezi watha iwe unandigulitsa chinanazi. Ine ndili ndi munda wa zinanazi kuseri kuno. Ndinafika pakhomo ndili nacho m'manja, osadziwa chifukwa chake. Pakamwa ngati pako ndikupafuna, koma osati zaka zitatu zikubwerazo. Ndikupafuna lero." Analoza kumtunda, kumene nkhalango inali isanagwe. "Ndikutsegula munda watsopano. Ndikusowa manja. Anthu a mtundu wako akuwoloka mtsinje wa Muloza tsiku ndi tsiku kuthawa Apwitikizi, ndipo azungu anzanga akundilanda onse. Pita ukawaitane. Mabanja asanu akamanga pano, nyumba ya atate ako ipuma thangata zaka zitatu, iwe n'kupita ku Kabula kwakoko."

Potsika kuchokera kunyumba ya mzungu, Sungani ankamva ngati mapazi ake sakugunda pansi. Mizere ya tiyi inkanyezimira ndi mame mbali zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba inamuonekera yokongola.

Nkhaniyi inakhala m'nyumba mlungu wathunthu ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Lamulungu lachiwiri, atachoka kutchalitchi, a Dainess anaiyambanso.

"Anthuwo akubwera kale, mwanawe. Sunawathamangitse kwawo ndiwe. Ukapanda kuwaitana, awaitana wina, ndipo kwa winayo ntchito ya thangata ndi yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno akapeza madzi abwino, iwe n'kupeza sukulu. Walakwira ndani?"

"Nanenso ndikuona choncho, amama."

"Ndiye ukudikira chiyani? Mwayi sudziwa kugogoda pakhomo pa Mlomwe. Ukadutsa, wadutsa."

A Wyson ankapota chingwe cha khonje pantchafu, mutu uli pansi.

"Ababa, inu mukuti bwanji?"

"Ndinati usapite kusukulu, sunandimvere. Lero mawu anga ukuwafuniranji?"

"Tsopanotu nyumba sigwa. Chimene munkaopa chija chachoka."

"Chachoka pano, chapita pa wina."

"Abambo ake a Sungani," anatero a Dainess, "bwanji mukulankhula ngati tili pamaliro? Mwana wapeza njira imene sikuphetsa inu, sikuphetsa ine. Mukufuna akalambe ndi dengu kumsana ngati mmene mwakalambira inumu? Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Musiyeni adumphe."

"Sindikumugwira mwendo. Ndikungoti, msodzi akabwera ndi nsomba anthu amatama msodzi ndi mbedza yake. Nyongolotsi imene inali pambedzapo palibe amene amafunsa ngati inabwerera kwawo." Analuma chingwe n'kuchidula. "Pita. Koma zimene ukanene kumeneko zikathere komweko."

Ananyamuka Lolemba kusanatenthe, amake atamumangira chinangwa chophika m'masamba a nthochi. Njira inkazungulira m'tsinde mwa phiri, ndipo ulendo wonsewo nsonga zake zinkabisala n'kuonekeranso m'mitambo ngati zisumbu. Anafika pa Muloza dzuwa lili paliwombo. Madzi anali ochepa, ofika m'mawondo, ndipo tsidya lino, pansi pa mtengo waukulu, panali anthu amene anali atangowoloka, nsalu zisanaume. Anawawerenga ndi maso: mabanja asanu ndi limodzi. Anali ndi mphasa zokulunga, miphika iwiri itatu, mbewu m'zikho zotseka ndi chitsononkho, ndi mbuzi imodzi yowonda. Amuna ena anali ndi zipsera za chingwe m'mikono.

Sungani sanathamangire kuwaitana. Anawapatsa moni m'Chilomwe, chimene ankalankhula ndi amake kunyumba, ndipo nkhope zonse zinatembenuka nthawi imodzi. Anamasula chinangwa n'kugawira ana. Kenaka anakhala pansi, n'kufunsa kwawo.

Anamuuza. Bambo wina wamtali, amene ankaoneka kuti ndiye ankawatsogolera, anafotokoza za midzi ya m'tsinde mwa phiri la Namuli, za asilikali obwera mbandakucha ndi zingwe, za amuna otengedwa kukalambula misewu osabwerako. Mayi wina anangonena za kasupe wa kwawo, kuti madzi ake ankazizira mpaka kupweteka mano, ndipo atanena zimenezo anayamba kulira.

"Kumene ndachokera kulinso phiri," anatero Sungani motsitsa mawu. "Si ilo mukuliona? Madzi ake amatsika pamwala osakhudza matope, ndipo m'mawa amapweteka mano chimodzimodzi. Dothi lake ndi lofiira, lakuya, loti ukabzala phesi la chinangwa madzulo umachita kulota likuphuka. Nthochi zimapsa zokha kuseri kwa nyumba mpaka mbalame kutopa nazo. Kumeneko kuli anthu olankhula ngati inu, oimba nyimbo zanu. Msilikali wa Mpwitikizi sapondako. Malo omangapo nyumba alipo, mitengo ilipo, udzu ulipo. Ndi mtunda wa theka la tsiku."

Sananame ngakhale liwu limodzi. Anangosankha zoti anene, monga mmene ankatembenuzira chinanazi m'dengu kuti mbali yokhala ndi bala iyang'ane pansi. Ndipo mmene ankalankhula, malo aja anayamba kumuonekera iye mwini monga ankawanenera, obiriwira, aufulu, opanda belu la m'mawa, mpaka anayamba kulakalaka kukakhalako. Atamaliza, anthu anali akumanga kale katundu.

Anayenda nawo mumzere, iye patsogolo. Dzuwa litapendeka, mayi wina wachitsikana wobereka khanda anafulumira n'kuyamba kuyenda pambali pake. Anati dzina lake ndi Estele, ansembe a kwawo ndiwo anamutcha.

"Uli ndi nkhope ya munthu amene zinthu zikumuyendera," anatero. "Ukatifikitsa, ubwerera kukatenga ena?"

"Ayi. Ine ndikupita kusukulu, ku Kabula. Ndikukaphunzira zamalonda."

"Ndiye kuti kumeneko ana amawalola kupita kusukulu." Anakankhira mwana uja m'mwamba ndi chigongono. "Uyu bambo ake anawatenga ndi chingwe iye ali m'mimba. Ndinalumbira pamaso pa apongozi anga kuti uyu sadzagwira ntchito imene sanaifune, ngakhale ndiyende mpaka mapazi kutha. Tandiuza, achimwene. Akadzakula ngati iwe, adzatha kunyamuka n'kupita kumene mtima wake wafuna, popanda womugwira?"

Liwu loti inde linali pafupi kwambiri, lopepuka ngati nthenga, ndipo Sungani analimva litakhala kale pansonga ya lilime. Anayang'ana khanda lija. Linali m'tulo, tsaya litapanikizika pamsana pa amake, kukamwa kuli pululu. Anatembenuza funso lija mbali zonse m'mutu mwake kufuna poligwira, koma linalibe mbali yabwino yoti n'kuonetsa. Anayendabe mapazi makumi awiri. Kutsogolo kunali mphambano, njira ina yokwera kumunda wa tiyi, ina yotsikira kuchigwa. Pamenepo anaima.

"Tulani katundu pang'ono," anatero. "Pali zimene sindinanene."

Anawauza zonse, ndipo mawu ake tsopano anali ouma, opanda fungo. Anati dothi lofiira lija ndi la mzungu. Anati nyumba iliyonse imapereka mwamuna kukagwira thangata, kuti miyezi imene amanena poyamba imatalika ikafika nyengo ya dzinja, pamene munda wako ukukufunanso. Anati mwamuna akasowa amatenga mkazi, ndipo wokana amamusasulira denga. Pomaliza anati iye anamulonjeza sukulu akabwera ndi mabanja asanu.

Mbuzi yokha ndiyo inkadzudzula udzu m'mbali mwa njira.

"Ndiye chinangwa chija unadyetsa ana athu chinali cha pamsampha," anatero bambo wamtali uja.

"Inde, bambo."

"Nanga watiuziranji?"

"Mayi awa andifunsa."

"Tipite kuti tsopano? Kumbuyo kuli chingwe, kutsogolo kuli chingwe."

Sungani analoza njira yotsika. "Uko kuli midzi imene dothi lake si la mzungu. Ndi masiku awiri. Nthaka yake ndi yotopa, madzi ali kutali, ndipo msonkho wa boma ukakupezani. Koma denga mukafolera ndi lanu."

Anakangana okhaokha nthawi ndithu. Mabanja anayi anasenza katundu n'kulowera kuchigwa. Awiri, amene anali ndi ana odwala ndipo zikho zawo zinali zitatha, anati masiku awiri sangawakwanitse. Ngati kuli chingwe, bola chingwe cha pafupi ndi madzi. Anakwera okha njira ya ku tiyi osafuna kuti Sungani awatsogolere. Estele anali womaliza kunyamuka. Anamanganso mbereko yake mwamphamvu.

"Ukanangoti inde, lero ndikanagona tulo koyamba chichokere kwathu," anatero. Sanamuthokoze, sanamutukwane. Anatsatira anzake a kuchigwa.

Sungani anagona panjira n'kufika kwawo Lachiwiri, manja ali lende. A Dainess atamva anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Mabanja asanu ndi limodzi m'manja, iwe n'kuwamwaza ngati mankhusu? Unawabala ndiwe anthu amenewo? Amene anakubala ndi ine, ndi awa ali apawa. Chisoni chinapha nkhwali, mwanawe. Wamvera chisoni mwana wa eni, nanga wanga ine amumvere chisoni ndani?"

"Amama, anandifunsa maso ndi maso."

"Pamsewu paja sakufunsa maso ndi maso? Bwanji pamenepo pakamwa pako sipauma?"

"Pamsewu ndimagulitsa zinanazi."

A Wyson anangopempha madzi akumwa, ndipo Sungani atawapatsa chikho anachigwira pamodzi ndi dzanja lake kanthawi asanamwe.

Mabanja awiri aja sanabise kanthu. Sanachite mwankhanza, anafunsidwa chifukwa chimene anafikira okha, ndipo anayankha. Lachinayi m'mawa, mame asanakamuke, a Pilato anafika ndi amuna atatu onyamula nsungwi zazitali zangowe. Kumbuyo kwawo, chapatali, kunaima limodzi la mabanja aja ndi mphasa zawo.

A Dainess anagwada pabwalo. "A kapitawo, mwana walakwa. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, tavomera. Mutilange ndi ntchito. Ndipita ine, apita iye, tonse awiri mpaka chaka chithe."

"Mayi, bwana wati munthu woopseza antchito ake asagonenso pamalo pake. Dzuwa likamalowa mukhale mutachoka. Tulutsani katundu ndi odwala."

Katundu anatuluka msanga, poti sanali wambiri. Koma a Wyson, amene m'mawa umenewo anali asanatuluke, anakana kunyamulidwa pamphasa yawo.

"Sasulani ndili momwemo. Udzu sunaphepo munthu. Pilato, talowa."

Kapitawo anawerama n'kulowa. Sungani anaima pakhomo. Pamwamba ngowe zinayamba kukoka, ndipo fumbi ndi mwaye zinkagwa ngati mvula yowaza.

"Zaka khumi ndi zinayi zapitazo," anatero a Wyson, "pa Muloza panaima mnyamata wa pakamwa potsekemera. Anatipatsa nzimbe. Sungani uyu anali ndi zaka zisanu, anamunyamula paphewa mpaka kufika kuno. Ukumukumbukira?"

A Pilato anayang'ana ndodo yawo. "Mzungu anandilonjeza kuti nyumba ya amayi anga sidzagwa. Ndipo sinagwe mpaka anamwalira."

"Sindikukuimba mlandu. Ndikungofunsa kuti mnyamata uja anapita kuti, poti nayenso ankanena za ku Kabula njira yonse."

"Ali pano," anatero a Pilato, ndipo anatuluka. Panja anakalipira amuna aja kuti afulumire, ndi mawu aakulu kuposa mmene pankafunikira.

Mtolo waukulu wa udzu unachoka nthawi imodzi, ndipo kuwala kunagwera m'nyumba ngati madzi otayika mumtsuko. Kunagwera pamphasa, pachilonda, pamakoma akuda amene anali asanaonepo dzuwa. A Wyson anaphimba maso ndi mkono, kenaka anauchotsa pang'onopang'ono. Pakati pa phaso lotsala panali phiri lonse, loyera mbee, lopanda mtambo ndi umodzi womwe, mathithi akulendewera m'mbali mwake ngati ulusi.

"Taona," anatero. "Zaka zonsezi ndagona pamalo pano osadziwa kuti lili pamwamba panga penipeni." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Sungani. Ndinkakuletsa chifukwa cha denga ili. Tsopano palibenso choti akugwire nacho. Alongo awo a amako ali ku Chonde, ndipo msewu wa ku Chonde ndi womwewo wa ku Kabula. Ukanditula mawa, Lamulungu likupeza uli pakhomo pa sukulu."

"Ababa, ndikusiyani mulibe nyumba."

"Nyumba sitinakhalepo nayo. Tinali ndi udzu. Tembenuka ndikwere."

Sungani anagwada n'kupereka msana. Bambo ake anamukoleka mikono m'khosi, ndipo ataimirira anadabwa ndi kupepuka kwawo. Dengu la tiyi wonyowa linkalemera kuposa iwo. Anatuluka nawo pabwalo.

A Dainess anali atadzuka kale. Anamanga miphika, mbewu ndi khasu mumtolo umodzi, nkhope ili gwa, osayang'ana mwana wawo kapena amuna awo. A Pilato anali akukodola banja latsopano lija, kulionetsa makoma otsala: mitengo ndi yolimba, angofolera, Lolemba mwamuna aoneke pamzere. Mkazi wa banjalo anayandikira mwamantha, mwana wodwala ali m'manja, maso ali pansi.

A Dainess anasenza mtolo. Anayenda mapazi atatu, n'kuima. Anatembenuka ndi thupi lonse, monga amachitira munthu wosenza, n'kulankhula naye mayi uja m'Chilomwe.

"Madzi musamatunge apa pafupi, amatsegula ana m'mimba. Muzikwera mpaka pamwala wosweka uko. Mkoko wa nthochi uli kuseriwo musaudule msanga, udikireni milungu iwiri." Analoza nyumba ija. "Ndipo ngodya ya kum'mawayo imadontha. Pofolera muikepo udzu wambiri."

Atatero anatsogola kulowera kumsewu, ndipo Sungani anawatsatira, mpweya wa bambo ake ukumuthera m'khutu.